Chandamale kumayadi, mantha kukomboni: nkhani ya mfuti mu Lusaka

Chinthu chikaphulika usiku ku Kanyama, anthu sathamangira pakhomo kukaona. Amayamba azimitsa nyali, wailesi n'kuichepetsa mawu, kenaka n'kutchera khutu kuti amve ngati kulirenso. Kukakhala kumapeto kwa Disembala mtima umakhalako m'malo, poti mwina ndi ana akuphulitsa makombola. Miyezi ina yonseyi mayi amakokera ana pansi, kutali ndi zenera, bambo n'kuyamba kuwerenga chamumtima amene sanafike pakhomo. Nkhani yake imakamveka m'mawa pampopi: ena ati anali apolisi amathamangitsa akuba, ena ati ayi, ndi achifwamba athyola shopu kumsika.

Mumzinda womwewu, Loweruka m'mawa, kuli anthu amene amalongedza mfuti m'zikwama zazitali, kuziika kumbuyo kwa galimoto, ulendo wa kumalo owomberako chandamale. Akafika amavala zotseka m'makutu ndi magalasi oteteza maso, n'kumawombera pepala lojambulidwa mizere yozungulira kapena timbale tadothi toponyedwa m'mwamba ndi makina. Amawerengerana mapointi, wopambana amamuombera m'manja, dzuwa likapendeka aliyense amapukuta mfuti yake n'kukaikhomera kunyumba. Kwa iwowa amenewa ndi masewero, monga gofu kapena tenisi.

Kulira kwa mfuti n'kumodzi, koma anthu a mu Lusaka amakumva mosiyana malinga ndi kumene munthu amagona. Ndipo malowa sanatalikirane. Mtendere wagundana ndi Kabulonga ndi Ibex Hill, ndipo kuchoka ku Kalingalinga kukafika ku nyumba za mipanda ya magetsi ndi ulendo wapansi. Nanga mnyamata wa ku Chawama amene mtima wake uli pa kulasa chandamale, wopanda maganizo akuba kapena oopseza munthu, alowere kuti? Nanga bambo wa ku Matero amene akuba am'topetsa, akagula mfuti ndiye kuti wadziteteza kapena waitanira tsoka m'nyumba?

Dziko la mfuti zochepa

Zambia si dziko la mfuti zambiri. Bungwe la Small Arms Survey la ku Geneva, powerengera mmene zinthu zinalili mu 2017, linapeza kuti pa anthu 100 alionse a m'dzikoli, mfuti za anthu wamba sizikwana n'imodzi yomwe. Ku South Africa zinali pafupifupi 10, pamene ku America zinali 120, mfuti kuchuluka kuposa eni dziko. Ku America kukhala ndi mfuti kunalembedwa m'malamulo aakulu a dziko ngati ufulu wa nzika, ndipo kuli anthu amene amadzaza zipinda ndi mfuti za nkhondo zakale pongozikonda. Ku Zambia mfuti ndi chilolezo chimene boma likhoza kupereka, kukana kapena kulanda.

Amene ali ndi mfuti zovomerezeka ndi odziwika: alimi a mafamu akuluakulu a ku Chisamba, Mkushi ndi Mazabuka, amalonda oyenda ndi ndalama zambiri, makampani a alonda, alenje a ziphaso, ndi mamembala a makalabu owombera. Anthu pafupifupi 7 mwa 10 alionse a mu Lusaka amakhala m'makomboni, koma m'gulu limeneli muli ochepa kwambiri ochokera kumeneko. Chifukwa chake sikuti anthu a kukomboni sadziwa mfuti. Makolo awo ankaidziwa bwino.

Gogodela wa agogo

Mabanja ambiri a ku Chawama, Mtendere ndi Kalingalinga kwawo ndi kum'mawa: Petauke, Nyimba, Katete, Chipata ndi chigwa cha Luangwa. Akuluakulu a m'mabanja amenewa akukumbukira mfuti ya gogodela itapachikidwa kudenga la nyumba ya agogo, itada ndi mwaye. Mlenje ankathira onga kukamwa kwa mfutiyo, n'kutsindira ndi kansanza pogwiritsa ntchito kachitsulo kakatali, kenaka chipolopolo, n'kutsindiranso. Kuwomba kwake kunali kamodzi basi, utsi n'kuti tolo, osaonanso kutsogolo. Akaphonya njati, mpata wothiranso onga panalibe. N'chifukwa chake mlenje ankakwawa mpaka pafupi, mphepo ikuchokera kumene kuli nyama, ndipo sankakhethemula asanatsimikize. Mfutiyo inali ndi miyambo yake. Mwana sankaikhudza, mlenje ankadzisunga usiku woti mawa alowa m'tchire, ndipo nyama ikaphedwa inkagawidwa mwadongosolo, mfumu n'kulandira gawo lake.

Mfuti zimenezi zinakwera ndi mtsinje wa Zambezi. M'zaka za m'ma 1800, Achikunda ochokera m'minda ya Apwitikizi ya ku Tete ndi Zumbo anafalikira m'chigwa cha Luangwa akusaka njovu, ndipo atsogoleri awo monga Kanyemba analemera ndi minyanga komanso akapolo. Kuyambira pachiyambi, mfuti yomwe inkabweretsa ndiwo ndi yomwenso inkagwira anthu ukapolo. Angoni a Mpezeni anayenda njira ina. Katswiri wa mbiri yakale Giacomo Macola, m'buku lake la mu 2016 lonena za mfuti m'chigawo chapakati cha Africa, akufotokoza kuti Angoniwa ankanyoza mfuti, poti kwa iwo mwamuna weniweni ankaonekera pa nthungo ndi chishango, maso ndi maso. Mu Januwale 1898 asilikali a Angerezi ochokera ku Nyasaland anawagonjetsa ndi mfuti za Maxim, ndipo mwezi wotsatira Nsingo, mwana wa Mpezeni, anaphedwa pochita kuwomberedwa.

Azungu anali atagwirizana kale ku Brussels mu 1890 kuti mfuti zamakono zisamagulitsidwe mwachisawawa m'dera lalikulu la Africa. Atsamunda atakhazikika, malamulo a nyama zakutchire anamaliza ntchitoyo. Kusaka kunasanduka chisangalalo cha mzungu wa laifolo ndi chiphaso, ndipo mlenje wa m'mudzi, pochita zomwe atate ake ankachita, anayamba kutchedwa wakuba nyama za boma. Kusiyana kumene tikukuona lero pakati pa kumayadi ndi kukomboni kunayambira pamenepo.

Zimene makomboni anaona

Ufulu utabwera mu 1964, Lusaka anasanduka likulu la omenyera ufulu a maiko oyandikana nawo. A ANC a ku South Africa ndi a ZAPU a Joshua Nkomo ankakhala pakati pa anthu, ena akuchita lendi m'makomboni momwemo, ndipo zida zawo sizinali kutali. Pa 19 Okutobala 1978 ndege za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa Chikumbi, kumpoto kwa mzindawu, n'kupha anthu mazanamazana. Mu Epulo 1979 asilikali a Rhodesia analowa mu Lusaka mwenimweni n'kuphwasula nyumba ya Nkomo. Nkhondo ya ku Mozambique inatha mu 1992, ya ku Angola mu 2002, ya ku Congo imangozilala n'kuyakanso, ndipo nkhondo iliyonse inasiya mfuti za AK-47 zikudutsa malire mobisa. Zambia sanamenyepo nkhondo yapachiweniweni, koma nyenyeswa za nkhondo za anzake zinamugwera.

Mu Juni 1990 mtengo wa ufa utakwera kuposa kawiri, zipolowe zinayambira pa yunivesite ya UNZA n'kufalikira m'makomboni oyandikana nayo ndi mumzinda monse. Anthu oposa 20 anafa. Mu Julayi 2016 mtsikana wa zaka 22, wotsatira chipani cha UPND, anaphedwa ndi chipolopolo apolisi ataletsa msonkhano wa chipanicho ku Chawama. Mu Febuluwale 2020, m'nthawi ya mantha a anthu opopera mankhwala m'nyumba za anzawo, mwana wasukulu wa zaka 14 anawomberedwa ku Chazanga. Pakati pa zonsezi pali zimene sizifika patsamba loyamba la nyuzipepala: mtsikana wa m'kabokosi kotumizira ndalama pafoni amene anamuloza pisitolo madzulo akutseka, woyendetsa minibasi amene anamulanda ndalama za tsiku lonse, makadala a zipani amene ankaonetsa mfuti m'chiuno pa siteshoni ya basi.

Nawonso a kumayadi mipanda sinawapulumutse. Ronald Penza, yemwe anakhalapo nduna ya zachuma, anaphedwa ndi mfuti kunyumba kwake mu Novembala 1998. Wezi Kaunda, mwana wa Kenneth Kaunda, anawomberedwa pageti la nyumba yake mu Novembala 1999, ngakhale kuti iye anali msilikali wodziwa zida.

Munthu amene wakula akuona zoterezi, ukamuuza kuti mfuti ndi masewero amakuyang'ana kawiri. Mantha akewo ali ndi maziko, ndipo aliyense wokonda masewerowa ayenera kuwalemekeza.

Lamulo likuti chiyani

Lamulo loyendetsa za mfuti ndi Firearms Act, mutu 110 wa malamulo a Zambia, lomwe linakhazikitsidwa mu 1969. Silisankha kuti uyu ndi wa ku George, uyu ndi wa ku Woodlands. Wofuna mfuti akhale wa zaka 21 kapena kuposerapo. Amayambira kupolisi, kumene amafufuza mbiri yake, chifukwa chimene akuifunira mfutiyo, ngati amadziwa kuigwira, ndiponso ngati ali ndi malo oisungira otetezeka. Apolisi akavomera, laisensi imatengedwa kukhonsolo, ndipo imagwira ntchito zaka zitatu, kenaka n'kukaikonzetsanso. Mfuti iliyonse imalembedwa m'kaundula wa apolisi ndi nambala yake, ndipo zipolopolo amagula ndi wokhala ndi laisensi yekha.

Kupezeka ndi mfuti yopanda laisensi ndi mlandu wokhoza kum'khazika munthu m'ndende mpaka zaka 15. Kuba moopseza ndi mfuti ndiye kunali ndi chilango chonyongedwa mpaka mu Disembala 2022, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo lothetsa chilangocho. Lero wopezeka wolakwa amakagwira ukaidi moyo wake wonse.

Pali chinthu chimodzi chimene mabanja ambiri sachidziwa. Laisensi ya mfuti si chuma chamasiye. Bambo akamwalira, mfuti yawo sigawidwa pamodzi ndi njinga, wailesi ndi masuti. Mwana kapena mphwake amene waitenga n'kuisunga popanda mapepala a dzina lake wapalamula kale, ngakhale asanawombepo n'kamodzi komwe.

Kuseri kwa chandamale kuli ndani

Kulikonse kumene amaphunzitsa kuwombera, wophunzira asanagwire mfuti amaloweza malamulo anayi. Mfuti iliyonse uyione ngati ili ndi chipolopolo. Usaloze chinthu chimene sukufuna kuchiwononga. Chala chisafike pokhethemulira mpaka utalunjika. Lachinayi, dziwa chimene ukuwombera ndiponso chimene chili kuseri kwake. N'chifukwa chake malo owomberako amakhala ndi chimulu chachikulu cha dothi kumbuyo kwa chandamale, choti chimeze chipolopolo chilichonse.

Lamulo lachinayili talitengerani ku George kapena ku Kanyama. Pa puloti limodzi pali zitseko zisanu ndi chimodzi, banja lililonse chipinda chake, chimbudzi chimodzi cha onse. Khoma lolekanitsa mabanja ndi mdadada umodzi wa simenti wobowoka m'kati, denga ndi lata. Mukagona mumamva mnzanu akutsokomola. Wakuba akagwedeza chitseko, mwini nyumba n'kuwombera mumdima, kuseri kwa wakubayo kuli khoma, ndipo kuseri kwa khomalo kwagona mwana wa eni ake. Kukomboni kulibe mbali imene munthu angaloze mfuti popanda munthu kumbuyo kwake. Nako kuwombera m'mwamba, kumene ena amachita poopseza akuba kapena posangalala pa Chaka Chatsopano, n'kutaya chipolopolo chimene chikatsikire padenga la wina.

Nanga yosungira? M'chipinda chimodzi mogona anthu asanu mulibe pobisa chinthu. Ana amadziwa zonse zili kunsi kwa matiresi, pamwamba pa kabati ndi m'sutikesi ya pansi pa bedi. Zikamveka kuti m'nyumba yakutiyakuti muli pisitolo, nyumbayo ndiyo imakhala yoyamba kuthyoledwa, pakuti kwa chigawenga mfuti ndi yamtengo kuposa TV. Zina mwa mfuti zimene achifwamba amagwiritsa ntchito m'maiko a kuno zinali zovomerezeka tsiku lina, zinachita kubedwa kapena kutayika.

Ndiye pali mowa ndi mikangano ya m'banja. Kafukufuku amene Arthur Kellermann ndi anzake anafalitsa ku America mu 1993 anapeza kuti m'nyumba mokhala mfuti, mwayi woti wina wa m'nyumbamo aphedwe unali wochuluka pafupifupi katatu, ndipo wakupha nthawi zambiri anali wachibale kapena wodziwana naye. Ndewu imene ikanatha ndi ankhoswe imathera kumanda. Bambo wa ku Matero amene watopa ndi akuba ali ndi chifukwa chomveka chokwiyira, koma chitseko cholimba, nyali yapanja, wenzulo ndi kugwirizana ndi anansi pa ulonda wa m'dera zimateteza ana ake kuposa pisitolo ya pansi pa pilo.

Alenje amakono ndi nyama ya m'chikwama

Njira ina imene okonda mfuti amatsata ndi ulenje wovomerezeka. Lamulo la Zambia Wildlife Act la mu 2015 linathetsa bungwe la ZAWA n'kuika nyama zakutchire m'manja mwa Department of National Parks and Wildlife, yomwe likulu lake lili ku Chilanga. M'nkhalango 20 zotetezedwa simuloledwa kusaka, koma m'madera 36 ozungulira nkhalangozo nzika ikhoza kugula chiphaso chopha nyama yakutiyakuti pa nyengo yake. Nkhani ya alendo olemera odzasaka mikango ndi akambuku yakhala ikuutsa mapiri pachigwa. Boma linaletsa ulenje umenewu mu Januwale 2013, n'kulengeza zoutsegulanso mu 2015.

Chiphaso, galimoto yolimba, mafuta ndi zipolopolo zonse zimafuna ndalama, choncho ulenje wotere umathera kumayadi. Chimene chimafika kukomboni ndi nyama yowamba yoyenda m'zikwama, yogulitsidwa monong'ona. Wogula amati wapeza ndiwo yapamwamba, osadziwa kuti ndi ya nyama yanji, inafa liti, kapena kuti inaphedwa ndi mfuti yopanda mapepala. Bungwe la Wildlife Crime Prevention lakhala likuchenjeza za malonda amenewa kudzera m'kampeni yake ya This Is Not a Game. Wogula nyama ya m'chikwama akulipirira zipolopolo za mfuti zomwezo zimene amaziopa usiku.

Diso la mwana wa legeni

Komabe luso lolasa lilipo kukomboni, ndipo n'lochuluka. Imani madzulo pabwalo lililonse la fumbi ku Kalingalinga muone anyamata a legeni. Amaimika chitini pamwala, kubwerera masitepe khumi ndi asanu, diso limodzi n'kutsinzina. Mphira wa chubu amaukokera mpaka patsaya, mpweya n'kuugwira, thupi lonse zii. Mwala ukachoka, chitini chija chimalira chisanagwe. Kuimika thupi, kugwira mpweya ndi kumasula dzanja mosagwedeza ndi zomwezo zimene mphunzitsi wa kuwombera amatha miyezi akuphunzitsa.

Kuwombera chandamale kunalipo kale pa masewero a Olympics oyamba a mu 1896, ndipo mpikisano wina wotchuka sufuna onga n'komwe. Mfuti yake ndi ya mpweya, kachipolopolo kake ndi ka mamilimita 4.5, chandamale chimaima pa mamita 10, ndipo kadontho ka pakati kopatsa mapointi 10 n'kotambalala theka la milimita. Wopikisana amawombera ka 60 ali chiimire. Mphamvu sizithandiza pamenepa, ndipo waukali sapita patali. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa mpikisano umenewu ndi pamene Abhinav Bindra anapezera dziko la India mendulo yoyamba yagolide ya munthu payekha, ku Beijing mu 2008.

Zambia ali ndi mamendulo atatu a Olympics: Keith Mwila pa nkhonya mu 1984, Samuel Matete mu 1996 ndi Muzala Samukonga mu 2024, awiriwa pa liwiro. Bwalo la mfuti za mpweya silifuna malo aakulu, holo ya sukulu ikhoza kukwana. Malo ngati Olympic Youth Development Centre, amene anatsegulidwa mu 2010 m'mbali mwa msewu wa Great North, ali kale pafupi ndi ana a m'makomboni a kumpoto kwa mzinda. Chofunika ndi mgwirizano wa makalabu ovomerezeka, akuluakulu a zamasewero ndi apolisi, ndi lamulo limodzi losasinthika: mfuti zonse zizigona pakalabu zitakhomeredwa, mwana azipita kunyumba chimanjamanja.

Ena adzati kuphunzitsa ana a kukomboni kuwombera n'kulera achifwamba. Nkhawayi ndi yomveka, koma zomwezi zinkanenedwanso za nkhonya. Esther Phiri anachokera ku Mtendere, kumene ankagulitsa ndiwo zamasamba, n'kukhala katswiri wodziwika padziko lonse chifukwa anapeza mphunzitsi ndi malamulo. Lero mnyamata wa kukomboni amaphunzira za mfuti m'mafilimu, pa TikTok ndi kwa magulu a achinyamata osokonekera ndi mankhwala amene anthu amawatcha majanki. Aphunzitsi amenewa sanena za kuseri kwa chandamale.

Mfuti zobisika zituluke

Pamene khomo la masewero likutsegulidwa, mfuti zokwiriridwa kuseri kwa nyumba ziyenera kutuluka. Maiko a SADC anasaina pangano loletsa kufala kwa mfuti ku Blantyre mu Ogasiti 2001. Ndondomeko ya African Union yoti mfuti zileke kulira mu Africa inakonzedwera mu Lusaka momwemu mu Novembala 2016, ndipo cholinga chake, chomwe chinali cha 2020, chinasunthidwira ku 2030. Kuyambira 2017, Sepitembala ndi mwezi umene bungweli linapatula kuti anthu azipereka mfuti zosavomerezeka osaimbidwa mlandu, ndipo apolisi a Zambia akhala akulengeza chikhululukiro chotere nthawi ndi nthawi.

Zitsanzo zoti zimatheka zili pafupi. Ku Mozambique, kuyambira 1995, Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo anasinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera, ndipo amisiri anadula zidazo n'kupanga ziboliboli, zina mwa izo zili ku British Museum ku London. M'chigwa cha Luangwa, bungwe la COMACO lomwe Dale Lewis anayambitsa mu 2003 lalandira mfuti ndi misampha ya waya kuchokera kwa alenje amene asankha ulimi wa mtedza, mpunga ndi njuchi. Anthu amapereka mfuti akaona kuti pali china chogwira m'malo mwake. Nayo gogodela ya agogo, ngati banja likuikonda chifukwa cha mbiri, malo ake abwino ndi kunyumba yosungira zinthu zakale, kumene adzukulu a fuko lonse angaione.

Kukonda mfuti si mlandu, ndipo sikuyenera kukhala kwa a kumayadi okha. Koma malo ake ndi pabwalo lokhala ndi mphunzitsi, chimulu cha dothi ndi chipinda chokhoma. Inu a makalabu, tsegulani zitseko kwa ana a ku Chawama, Matero ndi Mtendere. Inu apolisi, wobwera kudzapereka mfuti mum'landire mwaulemu kuti mnzake amve n'kulimba mtima. Ndipo inu amene m'nyumba mwanu muli mfuti yopanda mapepala, kaya ndi ya malemu bambo kaya munachita kusungitsidwa, musakwere nayo minibasi ndipo musaigulitse. Pitani kaye nokha kupolisi, kapena muperekezedwe ndi abusa kapena khansala wa m'dera lanu, mukanene kuti abwere adzaitenge mwana asanaipeze.